Ojambula a tsidya lino ndi tsidya lija la Limpopo

South Africa ndi Zimbabwe onse adalawa umbombo wa atsogoleri, koma ojambula ndi penti m'maiko awiriwa sakwiya mofanana.

A ku South Africa sabisa nkhope ya munthu. Mu 2012 Brett Murray adapachika ku Goodman Gallery, mumzinda wa Johannesburg, chithunzi chotchedwa The Spear, choonetsa Jacob Zuma, pulezidenti wa dzikolo panthawiyo, maliseche ali pamtunda. Chipani cha ANC chidathamangira kukhoti, anthu awiri adalowa n'kuchipaka penti, dziko lonse lidatekeseka. Ayanda Mabulu ndiye adanyanya: mu 2016 adajambula Zuma ndi Atul Gupta, wa banja lija lidatchuka pa nkhani yodyera chuma cha boma, m'njira yoti simungaonere limodzi ndi apongozi.

Ku Zimbabwe bala lidali lakuya. Mu 2008 boma lenilenilo lidavomera kuti mitengo ya zinthu yakwera ndi 231 miliyoni peresenti pachaka, ndipo kuyambiriro kwa 2009 banki yaikulu idatulutsa ndalama yapepala ya madola 100 thiliyoni. Penshoni za anthu, ndalama zosunga kubanki, zonse zidasanduka mapepala. Koma kumeneko kunyoza pulezidenti ndi mlandu, ndipo Owen Maseko adamangidwa ku Bulawayo mu 2010 kaamba ka zithunzi zake zokumbutsa Gukurahundi, kuphedwa kwa anthu ambirimbiri ndi asilikali a boma ku Matabeleland m'zaka za m'ma 1980. Ojambula adatolapo phunziro, adayamba kulankhula mokuluwika. Misheck Masamvu amathira penti yochindikala, yamitundu yolusa, matupi opindikapindika oti nthawi zina sudziwa ngati ndi munthu kapena chirombo. Gareth Nyandoro amajambula mavenda a m'misewu ya Harare, kenako n'kuchekacheka pepalalo ndi mpeni. Wakubayo simumuona pachithunzi, mumaona amene adaberedwa.

Ine mtima wanga uli ndi a ku Zimbabwe, ngakhale ndikudziwa kuti luso lawolo mbali ina lidabadwa ndi mantha, ndipo ufulu wotukwana pulezidenti osagona m'chitokosi si wochepa. Vuto la zithunzi za ku Joni n'lakuti mkangano udathera pa maliseche ndi ulemu wa munthu wamkulu, nkhani ya ndalama n'kutsalira kumbuyo. Zuma adachoka pampando mu 2018, zithunzizo zidazirala naye limodzi. Mavenda a Nyandoro akadali pamsewu, ndipo ndalama ya Zimbabwe idasinthidwanso dzina mu 2024, tsopano akuti ZiG.