Khansa ya kuphazi ikutidya, ndalama ipite kwa achinyamata a sayansi

Lero ndikamba za khansa, amene mumadikira za mpira pepani mupitirire.

Kuno ku Kasungu munthu akatuluka kadontho kakuda pachidendene, kosapweteka koma kongokulirakulira, timati anaponda chitsotso kumunda kapena ndi ming'alu chabe, pakapita miyezi n'kusanduka chilonda chosapola ndiye nkhani imatembenuka kuti anamutchera, ayambe kuzungulira kwa asing'anga kutemera mphini, pofika kuchipatala mwanabere watupa kale matenda alowa mkati. Nthawi zina imeneyo imakhala melanoma, khansa yoyambira m'maselo amene amapatsa khungu mtundu wake. Azungu imawagwira kwambiri chifukwa cha dzuwa. Ife akuda siitigwira kawirikawiri, koma ikabwera imakonda pansi pa phazi, m'chikhatho ndi kunsi kwa chikhadabo, malo oti dzuwa safikako n'komwe. Bob Marley ndi imeneyi inamutenga mu 1981 ali ndi zaka 36 zokha, inayambira pachala chakuphazi.

Kunjaku matendawa anawapezera njira ndithu. Mu 1992 labu ya Tasuku Honjo ku Japan inatulukira PD-1, puloteni imene imagwira ntchito ngati buleki ya chitetezo cha m'thupi, ndipo amene anatuluka nayo thukuta ntchitoyo anali wophunzira wake wachinyamata, Yasumasa Ishida. Kuchokera pamenepo kunabwera mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane ndi khansa chokha, Honjo ndi James Allison mpaka analandira Nobel mu 2018. Jimmy Carter melanoma inamufika mu ubongo mu 2015, anamupatsa amodzi mwa mankhwala amenewa otchedwa pembrolizumab, mkuluyo anakwanitsa zaka 100.

Koma apa mpamene pandiwawa. Mankhwalawa anawayesa kwambiri pa azungu, ndipo pa melanoma ya kuphaziyi sagwira bwino ngati pa yobwera ndi dzuwa ija. Ndiye mukuganiza kuti adzabwera ndani kuchokera ku London kudzayang'ana mapazi a alimi a fodya ku Chamama ndi ku Santhe? Ndi ana athu omwewa basi.

Ana ake tili nawo. KUHeS, yunivesite yathu ya zaumoyo, ikutulutsa madokotala ndi anthu a labu chaka ndi chaka, koma mnyamata akamaliza amalowera ku malungo, HIV kapena TB chifukwa ndi kumene madona anaika ndalama, sindikumunena ayi nayenso ali ndi lendi yoti alipire. Winayo amapeza sikolashipu, wapita, sabweranso. Ku America kuli bungwe la Melanoma Research Alliance limene linayamba mu 2007, lili ndi thumba lapadera la ofufuza ongoyamba kumene, chifukwa amadziwa kuti munthu wopanda dzina ma grant akuluakulu samuyang'ana. Ife alimi izi sizachilendo, amene wanyalanyaza nazale mu Seputembala asayembekeze kanthu ku okushoni.

Ndikudziwa ena muyankha kuti aise, m'zipatala panado akusowa iwe ukukamba za kafukufuku? Zoona. Koma sindikunena zopanga mankhwala atsopano, ndikunena zazing'ono, munthu alipidwe zaka ziwiri zitatu, akhale ndi mafuta a njinga yamoto, tizidutswa ta khungu tizifika ku labu ku Lilongwe tisanawonongeke, awerenge kuti odwala ndi angati, amafika mochedwa bwanji, chimawachedwetsa n'chiyani, kenako aphunzitse ma HSA, alangizi a zaumoyo a m'midzi aja, kuzindikira kadontho koopsa. Ndalama imeneyo siiposa ma alawansi a mawekishopu angapo a kunyanja aja amene anthu amangosainira n'kubwerako ndi chambo.

Komanso wofufuza wa khungu yemweyo athandiza abale athu achialubino. Kalembera wa 2018 anapeza kuti alipo 134,636, ndipo ngakhale khansa imene imawavuta kwambiri ndi ina, ya squamous cell yobwera ndi dzuwa, labu yake ndi maso ake ndi omwewo.

Mayiko a African Union anagwirizana kuti 1% ya chuma cha dziko izipita ku kafukufuku. Ine pempho langa n'lochepa kuposa pamenepo, National Commission for Science and Technology ikhale ndi kathumba ka chaka ndi chaka ka ofufuza za khansa ongoyamba kumene, mayina a opambana aziikidwa poyera tiziwaona. Aphungu athu a kuno ku Kasungu, bajeti ikamakambidwa tikufuna timveko mawu anu pa nkhani imeneyi.