Wotchi yasiya kuwala, koma radium ikadali pompo

Ndapsa mtima ndi vidiyo imene ndaonera usiku wathawu. Bambo wina wokonza mawotchi akale watsegula wotchi ya m'ma 1940, akupala penti ya pa manambala ndi kampeni, fumbi lake n'kumaliuzira ndi pakamwa. Mayi wina atawachenjeza kuti pentiyo ikhoza kukhala ndi radium, chitsulo chotulutsa cheza choopsa, bambowo ayankha akuseka kuti inasiya kale kuwala, ndiye kuti mphamvu yake inatha. Anthu n'kumawaombera m'manja!

Inatha liti, bambo? Anakuuzani ndani?

Chimene chinkawala mumdima muja ndi ufa wa zinc sulfide umene ankausakaniza mu penti. Cheza cha radium chikaumenya, ufawo umawala. Pakapita zaka ufa uja umaonongeka, kuwala n'kuzima. Chatopa ndi ufa. Radium ili phee pamalo pake. Mtundu umene ankaika m'mawotchiwu umatenga zaka pafupifupi 1,600 kuti theka lake lokha lithe. Theka lokha! Ndiye inu mukuwerengera zaka 80? Zidzukulu za zidzukulu zanu zidzaipeza ikadali yamoyo. Wotchi kuzima sikuti poizoni wazima ayi.

Safunsa anadya phula.

Chimene chikundiwawa n'choti phunziro limeneli ena analipira ndi moyo wawo. Kuyambira mu 1917, atsikana ku Orange, m'chigawo cha New Jersey ku America, ankalembedwa ntchito yopaka penti yomweyi pa mawotchi. Ankawaphunzitsa kusongola burashi ndi milomo kuti manambala azituluka bwino, n'kuwauza kuti palibe choopsa. Thupi silisiyanitsa bwino radium ndi kashiamu, mchere umene umalimbitsa mafupa, ndiye limaitenga n'kukaisunga m'mafupa. Mano anayamba kuguluka okha, nsagwada kuola, mafupa kuthyoka popanda kugwa. Grace Fryer ndi anzake anayi anakasuma kukhoti, ndipo mu 1928 anapatsidwa madola 10,000 aliyense, matupi atatheratu. Zimenezi si nthano. Lero munthu wamkulu akuuzira fumbi lomwelo m'chipinda chotseka mawindo, kuti anthu amukonde pa Facebook.

Marie Curie amene, amene anatulukira radium ndi mwamuna wake Pierre ku Paris mu 1898, mabuku ake olembamo zakafukufuku amasungidwa m'mabokosi a mtovu mpaka lero. Iye anamwalira mu 1934, koma mapepala ake akutulutsabe cheza. Mapepalawo sawala mumdima. Kodi nawonso tinene kuti mphamvu inatha?

Mwina n'kusadziwa, mwina n'kufuna kutchuka, zimenezo akudziwa eni ake. Ine changa n'chimodzi: diso silingakuuzeni ngati radium ilipo. Sinunkha, sipsereza chala, ndipo ikamasweka imatulutsa mpweya wa radon umene umayambitsa khansa ya m'mapapo. Muli ndi wotchi kapena kampasi yakale ya penti yachikasu yofumbutuka? Musaitsegule, musaipale, musapatse mwana kuti aziseweretsa. Apime ndi makina anthu odziwa ntchitoyo.

Ndiye pali ena aja akuti radium ndi mankhwala chifukwa madokotala amachizira khansa. Eee, mtundu wina wotchedwa radium-223 amaubaya kwa abambo odwala khansa ya prostate (kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo) imene yafalikira m'mafupa, koma mlingo wake ndi woyeza bwinobwino, ndipo theka lake limatha m'masiku 11 okha. Si wofanana ndi wa m'wotchi. Maganizo omwewo akuti ndi mankhwala ndi amene anapha Eben Byers, mkulu wachuma wa ku America. Ankamwa madzi a radium otchedwa Radithor, mabotolo oposa 1,000, ati kuti alimbe thupi. Anamwalira mu 1932 atachotsedwa pafupifupi nsagwada yonse. Ndipo vidiyo ya bambo aja mpaka pano sinachotsedwe.