Tizilombo todya miyala, nanga madzi athu?

Mphwanga amene akuphunzira za migodi mumzinda wa Tete anabwera kudzationa kuno ku Macanga. Madzulo tikudya nsima, anandiuza kuti kuli mabakiteriya otha kuchotsa mkuwa m'mwala popanda ng'anjo. Ndinamutsutsa, koma atandifotokozera bwino ndinagona mochedwa usiku umenewo.

Kachilombo kake, Acidithiobacillus ferrooxidans, kamapeza mphamvu ku chitsulo ndi sulufule zimene zili m'miyala. A mgodi amaunjika miyala chimulu chachikulu, n'kumadonthezera madzi a asidi pamwamba. Tizilomboto timagwira ntchito miyezi yambiri, ndipo madzi otuluka pansi amatuluka atatenga mkuwa. Ku Escondida, ku Chile, amapeza mkuwa motere m'miyala imene ikanangotayidwa chifukwa mkuwa wake ndi wochepa. Ku Fairview, pafupi ndi Barberton ku South Africa, anayamba mu 1986 kugwiritsa ntchito mabakiteriya pomasula golide wotsekeredwa m'miyala ya sulufule. Nzeru imeneyi ndikuisirira, sindibisa.

Koma abale, tisanamizane kuti ipulumutsa anyamata athu osefa golide ku Chifunde ndi ku Marávia kuti asiye mekyule, mankhwala oopsa amene amasefera golide. Mabakiteriyawa sasungunula golide ayi. Amangofumbutsa mwala umene wamubisa, kenako a fakitale amathirabe mankhwala a poizoni otchedwa sayanidi kuti asungunule golideyo. Golide wa mumchenga wa mumtsinje alibe naye ntchito.

Chimene chandigwira mtima kwambiri n'chakuti kachilomboka asayansi anakatulukira mu 1947 m'madzi owawasa ochokera m'migodi ya malasha ku America. Paliponse pamene miyala ya sulufule yakumana ndi mpweya ndi mvula, kamayamba kupanga asidi popanda woikalemba ntchito. Ife malasha tili nawo pa Moatize pomwepa, ndipo mtsinje wa Revúbuè umadutsa cha pomwepo kukathira mu Zambezi. Amayi amachapa momwemo, ng'ombe zimamwa momwemo, nsomba za pende timadya za momwemo. Ngakhale ku Finland, dziko la akatswiri ambiri, dziwe la mgodi wa Talvivaara wogwiritsa ntchito njirayi linadontha mu 2012 n'kuwononga madzi a m'derali.

Choncho kampani ikadzabwera ndi mabakiteriya ake m'chigawo chathu, ine sindidzaikana. Ndidzangofuna kuti pamsonkhano wa kwa amfumu itiuze chimene ayale pansi pa mulu wa miyalawo, amene azidzayeza madzi mwezi uliwonse, ndiponso kuti zotsatira zake azidzatiwerengera m'Chinyanja, osati m'Chipwitikizi chokha.