Chenjezo kwa oweta corn snake kuno ku Mangochi: lekani kuunjika njoka m'bokosi limodzi

Ana inu amene mwayamba kuweta njoka zotchedwa corn snake, tamverani. Tikuona zithunzi zanu pa Facebook, njoka zitatu zitapiringizana m'kabokosi kamodzi, inu n'kumati zimakondana. Sizikondana. Kwawo, kum'mwera chakum'mawa kwa United States, monga ku Florida ndi ku Georgia, njoka imeneyi imayenda yokha, imafuna inzake pa nthawi yokwerana basi. Mukaona imodzi yagona pamwamba pa inzake, dziwani kuti zikulimbirana malo ofunda ndi pobisala. Yogonjayo imasiya kudya, imawonda, inu n'kumadabwa.

Zoopsa zake si zokhazo. Tiana tongoswedwa kumene nthawi zina timamezana, ndipo komezako nako kamatha kufa. Mukaponya mbewa pakati pa njoka ziwiri, ina igwira kumutu ina kumchira, ndiye yamphamvu ipitiriza kumeza mpaka kufika pa mutu wa inzake. Mukapeza masanzi kapena chimbudzi chamadzi, mudziwa bwanji yodwala? Nthata ndi tizilombo ta m'mimba zimafalikira kudzera m'mbale yamadzi imodzi yomweyo. Choipitsitsa ndi kusakaniza yaimuna ndi yaikazi yosakhwima. Yaikazi isakweredwe isanakwane zaka 3, magalamu 300 ndi masentimita 90. Ikatenga mazira ili yaing'ono, mazirawo amakanirira m'mimba, ndipo dokotala wa ziweto wodziwa kung'amba njoka simumupeza pafupi. Ikaikira bwino, mazira amatha kukwana 10 mpaka 30. Tianato mukatisunga kuti, poti kalikonse kafuna bokosi lake? Safunsa anadya phula.

Njoka imodzi, bokosi limodzi. Yaikulu imafika mita 1.2 mpaka 1.5, choncho bokosi lake likhale masentimita 120 m'litali, 60 m'lifupi, 60 msinkhu. Kamwana ka masentimita 25 kapena 30 kamakhala bwino m'kontena yapulasitiki yokhala ndi chivindikiro chomanga. Boolani timabowo tampweya ndi msomali wotentha, tating'ono kuposa mutu wake. Muikemo pobisala pawiri, pena kumbali yofunda pena kozizira; phale kapena mphika wadothi wovundikira wokhala ndi khomo umakwana. Onjezerani nthambi yokwerapo ndi mbale yamadzi yolemera yosagubuduzika. Yatsopano ikhale m'chipinda china miyezi 3 musanaiyandikize kwa zinzake.

Pansi yalani nyuzipepala kapena makoko a kokonati opera. Utuchi wa paini ndi wa mkungudza umene mumapempha kwa akalipentala ayi, mafuta ake amawononga mapapo a njoka. Mchenga wa kunyanja nawonso ayi. Umamatirira ku mbewa, njoka n'kumeza, matumbo n'kutsekeka.

Tsono nkhani ya kutentha. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu a kumayiko ozizira, n'chifukwa chake amalimbikira za nyale ndi timphasa tamagetsi totenthetsa. Kuno vuto ndi lina. Mbali yofunda ya bokosi ikhale madigiri 28 mpaka 30, yozizira 22 mpaka 25. Nanga m'nyumba yamalata yopanda siling'i mu October ndi November, pamene kunja kumapitirira 35? Njoka situluka thukuta, imadziziziritsa posamukira pozizira, ndipo m'bokosi lagalasi limene mwaika pawindo mulibe kothawira. Imazungulira, imasanza, imafa masana omwewo. Gulani themomita, lekani kuyeza ndi chikhatho. Bokosi likhale m'chipinda chozizira kwambiri, kutali ndi dzuwa, chivindikiro chake cha sefa yawaya. Masana a mwamvu ikani botolo la madzi ozizira lokulunga m'kansalu kumbali imodzi, ndi kathailosi kogonapo. Chotenthetsera chimafunika usiku wa June ndi July pamene mwera ukuwomba, koma chikhale ndi thermostat, kachipangizo kozimitsa chotenthetseracho kutentha kukakwana, apo ayi chiwotcha mimba ya njoka. Ikamafundula khungu moduladula, ikani kansalu konyowa m'malo ake obisala.

Miyendo ya tebulo la bokosi ikhale m'zitini zamadzi. Linthumbu likalowa usiku, njoka yotsekeredwa ilibe kolowera. Popopera mankhwala a udzudzu kapena poyatsa koilo, tulutsani bokosi m'chipindamo, chifukwa mankhwala amenewo amaononga mitsempha ya njoka.

Pa chakudya, musamaipatse makoswe ogwidwa m'nyumba kapena kumsika. Simudziwa amene wadya temeki. Wetani mbewa zanu, muziipatsa yakufa kale, poti yamoyo imaluma, kukula kwake kofanana ndi malo onenepa kwambiri a thupi la njokayo. Kamwana kadye pa masiku 5 mpaka 7 alionse, yaikulu pa masiku 10 mpaka 14. Ikadya musaigwire kwa masiku awiri. Inu mukaigwira sambani m'manja ndi sopo, chifukwa njoka zimanyamula salmonella, tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba, ndipo mwana wokwawa asayandikire.

Pachitseko ikani loko, osati njerwa pamwamba pa chivindikiro. Corn snake imakankha ndi mphuno m'mbali monse mpaka itapeza mpata, ndipo pamene mutu walowa thupi lonse limadutsa. Ilibe ululu, inde, koma a neba anu adziwa bwanji? Aona mawanga ofiira n'kutola mpini. Ndiye mudziwa nokha zimene anthu amanena za munthu wosunga njoka m'nyumba. Auzeni a landilodi ndi anansi zisanafike pamenepo. Mukatopa nayo musakaitaye kutchire kapena m'bango la m'mbali mwa Shire, si yakuno. Za chilolezo choitanitsira ndi kusunga nyama yotere kafunseni ku nthambi ya boma yoona za malo osungira nyama zakutchire musanalipire ndalama. Imakhala zaka 15 mpaka 20, choncho amene mukupita kusukulu chaka chamawa mutiuze amene aziisamala.