Ku Biarritz ndinangojambulitsako, ndalama ndilibe

Abale anga akumudzi, tamverani. Chithunzi chimene ndinaika pa Facebook nditaima kutsogolo kwa Hôtel du Palais ku Biarritz, m'dziko la France, chandiputira mavuto. Foni sikupuma. Uyu akufuna feteleza, uyu malata, wina wangolemba kuti "achimwene mwalemera, musatiiwale." Mu hotelamo ine sindinapondemo. Ndinaima kunja kwa mpanda, ndipo anandijambula ndi mnzanga amene timasamalira naye okalamba kuno ku England, munthu wosauka ngati ine ndemwe.

Malowo anayamba ngati nyumba yopumulirako imene Napoleon III anamangira mkazi wake Eugénie m'zaka za m'ma 1850. Chiyambire pamenepo mudzi wa asodzi unasanduka bwalo la mafumu ndi anthu a chuma. Mfumukazi Victoria inafikako mu 1889, ndipo mu 2019 atsogoleri a G7, gulu la mayiko asanu ndi awiri olemera, anachitira msonkhano wawo komweko. Ndiye wosintha matewera a nkhalamba usiku akagone mu hotelamo ndi ndalama ziti?

Ndisanakwere n'komwe ndege, viza ya Schengen, yolowera ku France, inali itadya kale mayuro 90, osawerengera inshuwalansi ndi mapepala a kubanki osonyeza kuti sindikathawira komweko. Anzathu a pasipoti ya Britain anangonyamula zikwama. Kogona tinakapeza ku Bayonne, tauni yoyandikana ndi Biarritz, n'kumakwera basi m'mawa, chifukwa mitengo ya zipinda za m'mphepete mwa nyanja imachititsa chizungulire. Nkhomaliro inali buledi ndi tchizi za m'sitolo, tikudyera pa benchi, maso ali pa anthu akumwa vinyo.

Kukongola kokha sindingakane. Ukaima pa thanthwe lotchedwa Rocher de la Vierge, mafunde a Atlantic akuswa mwala pansi pako, umaiwala kaye ngongole. Ku gombe la Côte des Basques achinyamata amaseweretsa mafunde pa matabwa tsiku lonse, masewera amene anafika kumeneko m'ma 1950. Koma madziwo si a ku Senga Bay, ndinangoviika mapazi n'kubwerera.

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ngakhale eni dera, Abasque, akulira. Nyumba zambiri ndi za anthu olemera a ku Paris ndi kwina, amabwera chilimwe chokha, miyezi yotsalayo mawindo ali chitsekere. Zina anazisandutsa zogona alendo a masiku awiri atatu. Otsuka mbale ndi oyala mabedi amachokera kutali m'mamawa chifukwa lendi ya m'tauni sangaikwanitse. Pa makoma alembapo kuti dziko la Abasque silogulitsa, koma ogula sakusiya.

Tsono pitani chakummwera pang'ono, ku Hendaye, kumalire ndi Spain. Mtsinje wa Bidasoa umene umalekanitsa Hendaye ndi tauni ya Irun ya ku Spain wamiza anyamata a ku Africa amene ankayesa kuwoloka mozemba apolisi, ena mu 2021. Pa sitima ya kumeneko apolisi anadutsa azungu onse n'kudzaima pa ine, akufuna mapepala. Ndinali nawo, koma manja ananjenjemerabe, ndipo anthu onse m'bogimo anatembenuka kundiyang'ana.

Choncho amalume, za malata zija dikirani kaye. Mwezi uno ndikugwira mashifiti a usiku kubweza ngongole ya ulendowu, ndipo lendi ya kuno sinalipidwe.