Ndalama zopewera HIV zizichokanso m'thumba la boma lathu

Aphungu akamakambirana bajeti ku Nyumba ya Malamulo, ndimafuna mmodzi aimirire n'kufunsa kuti boma laika zingati zogulira makondomu, zida zoyezera magazi ndi PrEP, mankhwala oteteza munthu amene alibe HIV kuti asatenge kachilomboka. Ndikunena ndalama za misonkho yathu.

Pa ndalama zonse zolimbana ndi HIV m'Malawi muno, zoposa 90 pa 100 iliyonse zakhala zikuchokera kunja, makamaka ku Global Fund ndi PEPFAR ya ku America. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake, tinaona kuopsa kodalira ndalama zakunja. Pambuyo pake linalola kuti chithandizo cha ma ARV chipitirire, koma PrEP linati ndi ya amayi oyembekezera ndi oyamwitsa okha. Nanga mtsikana wa zaka 19 wogula usipa kudoko, amene msodzi akumuuza kuti nsomba azipeza akagona naye? Nanga mayi amene akudziwa bwino mayendedwe a mwamuna wake koma sangayerekeze kutchula kondomu kuchipinda? Ndalama zikachepa, amenewa ndi amene amayamba kuiwalika, chifukwa munthu amene sanadwale saoneka pa mzere wa kuchipatala.

Zimandipweteka chifukwa dziko lino lachokera kutali. Amene tinaona zaka za m'ma 1990 tikukumbukira maliro a tsiku ndi tsiku, okhoma mabokosi atadzaza m'mbali mwa misewu. Ma ARV aulere anayamba mu 2004. Mu 2011 Malawi ndi amene anayambitsa Option B+, yoti mayi woyembekezera akapezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala pompo, mayiko ena n'kutengera kwa ife. Nzeru tili nazo.

Koma anthu pafupifupi 1 miliyoni ali ndi kachilomboka, ndipo aliyense wotenga lero adzafunika mankhwala moyo wake wonse. Mdulidwe wa abambo umachepetsa chiopsezo choti mwamuna atenge kachilomboka ndi pafupifupi 60 pa 100 iliyonse. Panopa kwabweranso lenacapavir, jakisoni wopewera HIV wobaya kawiri kokha pachaka. Zonsezi zimafuna ndalama.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ku Abuja, m'dziko la Nigeria, mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 pa 100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. Phungu wanu akabwera kumsonkhano, mufunseni kuti chaka chino tafika pati, ndipo zopewera HIV ndi zingati.