Intaneti ya pa dishi, mvula ikangogwa basi

Akuti makampani a TV ya dishi akugula makampani a intaneti kuti alimbane ndi a kebulo, omwe amapereka TV ndi intaneti kudzera pa waya. Ku America, kampani ya masetilaiti ya EchoStar inagula Hughes, kampani ya intaneti ya pa dishi, mu 2011. Zikomo kwambiri! Koma setilaiti yawoyo ili kumwamba makilomita pafupifupi 36,000. Mukadina batani, uthenga ukwere, utsike, yankho likwerenso, litsikenso, theka la sekondi latha kale. Poyankhulana pa vidiyo mumangodulana mawu ngati amayi okangana pamjigo. Kugwe mvula yamphamvu, mpira wazima, intaneti nayo zii. Mphepo ikasuntha dishi pang'ono chabe, itanani mmisiri akwere padenga. Nanga wa kebulo, waya wake uli phee pansi panthaka, aope chiyani? Mwina aope kuchuluka kwa makasitomala obwerera kwa iye nyengo ya dzinja.